Makiyi Makumi Awiri a Nyumba ya a Tupa

A Tupa ankadula makiyi pakhonde la sitolo ya nsalu. Malo awo anali tebulo limodzi, makina aang'ono olira ngati udzudzu wonenepa, ndi thabwa lokhomedwa misomali pomwe pankalendewera makiyi osadula. Dzina lawolo analipeza chifukwa sankayenda opanda tupa m'thumba la malaya, kaya ndi ku ukwati, kaya ndi kuchipatala. Pakhondepo anakhalapo zaka makumi atatu, ndipo anthu ankawadziwa pa tsiku limodzi lokha, tsiku limene ataya kiyi.

Anzawo analipo atatu, onse odula makiyi. Awiri ankagwira ntchito m'misewu ina, koma mnzawo weniweni, wapamtima, anali a Kamphindi, omwe ankakhala tsidya lina la msewu womwewo, pakhonde la sitolo ya mankhwala, ndi tebulo lofanana, makina ofanana. Iwowa ankauza kasitomala aliyense kuti “kamphindi chabe”, ngakhale ntchito yoti itha Lachinayi. Awiriwa anaphunzira ntchito kwa munthu mmodzi. Tsiku limene a Tupa analowa m'nyumba yawo, anadula kiyi wapadera n'kupatsa a Kamphindi, a Kamphindi nawo n'kutulutsa wa kwawo. Odula makiyi sadziwa kunena kuti ndimakukonda, amangopisa m'thumba.

Zinthu zinayamba kupotoka tsiku limene a Tupa anakwanitsa zaka makumi asanu. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni, anakonza kaphwando ndipo anabwereka mipando makumi awiri, poganiza kuti munthu wa zaka zimenezo sangalephere kudzaza pabalaza. Kunabwera anthu atatu. Anapereka moni, anayang'ana keke mwaulemu, kenaka onse anakaunjikana pachitseko kukambirana za loko. Mmodzi anati akulimba, wina anati ndi sipuling'i, wachitatu anatulutsa sikuludiraiva. Kwa maola awiri nyumba inakhala yopanda loko, mipando ili mbee, keke ikudikira.

Alendo atapita, mwana uja anayamba kusanjikiza mipando mokwiya.

“Ababa, inu mulibe anzanu atatu,” anatero. “Muli ndi mnzanu mmodzi, kungoti munamudula katatu.”

Akazi a a Tupa, omwe anali namwino, anaseka mpaka kukhala pansi. A Tupa nawo anaseka, koma mawuwo anawalowa ngati minga ya kuphazi. Ataganiza bwino anaona kuti mwanayo sananame. Onse atatu ankavala makhoti otuwa, onse ankatsinzina diso lamanzere akamayang'ana chinthu, onse anali ndi zala zakuda kunsonga. Ndipo akadziyang'ana pagalasi ankapeza wachinayi.

Patapita sabata anaona chikwangwani pamalo okwerera basi. Chinali cha sukulu ya bizinesi, maphunziro a Loweruka lililonse, miyezi isanu ndi umodzi. Pachithunzi panali anthu asanu osiyana msinkhu ndi kavalidwe, atazungulira kompyuta imodzi, onse akuseka ngati kompyutayo yanena nthabwala. M'munsi analemba kuti: Bwerani mudzakumane ndi anthu a ntchito zosiyanasiyana. Za bizinesi a Tupa analibe nazo ntchito. Yawo ankaimvetsa bwino: munthu wataya kiyi, wabwera. Koma anthu asanu aja anawakopa. Pafomu, pomwe anafunsa chifukwa chofunira maphunzirowo, analemba kuti: Anzanga onse ndi ofanana.

“Pa msinkhu wanuwu?” anafunsa akazi awo. “Chabwino, pitani. Bola musadzandifunse ine homuweki.”

Kuuza a Kamphindi ndiko kunavuta, chifukwa Loweruka masana awiriwa ankatseka matebulo n'kukhala pamodzi kumwa tiyi, osalankhula zambiri, mpaka dzuwa kupendeka.

“Nanga tiyi wa Loweruka?” anafunsa a Kamphindi.

“Miyezi isanu ndi umodzi yokha, mnzanga.”

“Kamphindi chabe,” anatero a Kamphindi, koma sanaseke.

Sukuluyo inali m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mipando. Munali matebulo aatali, bolodi loyera, ndi fani yakudenga yomwe inkazungulira ikafuna. Kuwerengera ndi mphunzitsi yemwe, a Tupa anapezamo anthu makumi awiri, ndipo mtima wawo unadumpha, chifukwa panalibe ngakhale mmodzi wovala khoti lotuwa. Panali bambo wa inshuwaransi wa nsapato zosongoka, mayi wogulitsa sopo wa mafuta onunkhira, wogulitsa mabokosi a maliro wansangala kuposa onse, ndi ena ambiri omwe ntchito zawo zinkatenga mpweya wonse pozitchula.

Mphunzitsi, munthu wa tayi yofiira, sanalembe kanthu pabolodi tsiku limenelo.

“Mutu umodzi susenza denga,” anatero. “Imirirani nonse. Aliyense apatsane khadi ndi aliyense. Amene alibe choti apereke, palibe amene adzamukumbukire.”

Chipinda chonse chinasanduka msika. Makhadi ankatuluka m'matumba, m'zikwama, wina anatulutsa ake m'sokosi. A Tupa ankangolandira ndi manja awiri, kuthokoza, kulandiranso. Anabwerera kunyumba thumba la malaya litatupa ndi makhadi makumi awiri, manyazi atawagwira, chifukwa analandira kwa aliyense osapereka kwa aliyense.

Sabata yonse nkhaniyo inawazungulira m'mutu. Anayala makhadi aja patebulo n'kuwayang'anitsitsa ndi diso limodzi. Anali mapepala chabe, oti mvula ikagwa atha. Kodi munthu amene ukufuna akhale mnzako umamupatsa pepala? Pa moyo wawo wonse a Tupa ankadziwa chinthu chimodzi chokha chimene munthu amapatsa mnzake. Lachisanu masana anayatsa makina, nadula makiyi makumi awiri a chitseko cha nyumba yawo. Aliyense anamusalaza bwino ndi tupa kuti asavute polowa. Ndipo popeza pakhadi pamakhala keyala, kiyi aliyense anamumangirira kapepala kolimba kolembedwa msewu ndi nambala ya nyumba.

Loweruka anaimirira pakhomo la kalasi n'kumapatsa aliyense wolowa. Anthu anatembenuza makiyiwo uku ndi uku, kukamwa kuli yasa. Mphunzitsi anakweza wake m'mwamba.

“Taonani!” anafuula. “Khadi losanyowa, khadi lolira m'thumba! Bambo, kiyi ameneyu akutsegula chiyani? Mwayi? Tsogolo?”

“Nyumba yanga,” anayankha a Tupa.

Kalasi yonse inaseka n'kuwomba m'manja, ndipo mphunzitsi anawapatsa malikisi apamwamba kuposa wina aliyense. A Tupa anakhala pansi nkhope ikuwala. Sanamvetse chimene chinali choseketsa, koma chiyambire anali asanasekepo ndi anthu ambiri chonchi nthawi imodzi.

Woyamba kuyesa anali wa inshuwaransi. Lachiwiri masana dzuwa linamuwotcha ali mumsewu wa kunyumba kwa a Tupa, nsapato zikumuluma, ndiye anati angoona ngati zinali zoona. Chitseko chinatseguka mosavuta, poti a Tupa ntchito yawo ankaidziwa. M'katimo munali mozizira, munali sofa. Anagona ola limodzi, nasiya khadi lake pa pilo. Loweruka lotsatira anauza anzake kuti mkulu uja sankaseka ayi.

Walira mvula walira matope. Mayi wa sopo analibe posungira katundu, choncho makatoni khumi anafika m'kanjira kopita kuchipinda. Wina ankabwera kudzatchaja foni, wina kudzasita malaya asanapite kukakumana ndi bwana, wina kudzalira pang'ono atakangana ndi mkazi wake. Wa mabokosi a maliro anabweretsa bokosi limodzi lachitsanzo, lopakidwa vanishi, nati likhale masiku awiri okha poti kushopu kwake kukudontha. A Tupa analiika pansi pa zenera n'kuliyalira nsalu ya patebulo.

Onsewa ankabwera masana, akazi a a Tupa ali kuchipatala, ndipo ankachoka iwo asanaweruke. Koma namwino sapusitsika. Anayamba kufunsa chifukwa chake shuga ankatha msanga, chifukwa chake nyumba yonse inkanunkhira ngati bafa la hotelo, ndi chifukwa chake sofa inkakhala yofunda iwo akamafika.

“Nanga ichi n'chiyani?” anafunsa akuloza pansi pa zenera.

“Tebulo.”

“Tebulo la zogwirira zinayi?”

“Ndi za kusukulu,” anatero a Tupa, ndipo akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira odwala onama kuti amwa mankhwala.

Koma a Tupa anali osangalala, tisabise. Anayamba kutseka tebulo masana n'kuthamangira kunyumba kukaona anzawo. Ankaima pakhomo la pabalaza n'kumawerenga mitundu: uyu wa inshuwaransi, uyu wa magalimoto, uyu wa makompyuta, palibe awiri ofanana. Chimene sanafune kuchiona n'chakuti panalibe amene ankawafunsa kuti adzuka bwanji. Ankawapatsa moni wa dzanja limodzi, lina lili pafoni, n'kuwauza kuti ketulo ikuchedwa kuwira. Tsiku lina anapeza mayi wosamudziwa akudula anyezi m'khitchini mwawo.

“Mukufuna ndani, bambo?” anafunsa mayiyo.

A Tupa anaganiza kaye, kenaka anapepesa n'kubwerera ku ntchito.

Mayi ameneyo anali msuweni wa wina wa m'kalasi, ndipo apa ndi pomwe nkhani inawolokera msewu. Anthu a bizinesi akaona chinthu chabwino amachichulukitsa. Mmodzi wa iwo, pofuna kudulitsa makiyi ena a abale ake, anachita manyazi kupita kwa mwini nyumba, ndiye anapita kwa wodula makiyi wa tsidya lina. A Kamphindi analandira kiyiyo, anatsinzina diso lamanzere, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yawo sananene kuti kamphindi chabe. Mano a kiyi ameneyo ankawadziwa kuposa awo a m'kamwa.

Anawoloka msewu osayang'ana magalimoto, nafika patebulo la a Tupa.

“Kiyi uyu ndikumudziwa. Wabedwa?”

“Ayi, mnzanga. Ndinapereka ndekha.”

“Kwa ndani?”

“Kwa anzanga a kusukulu.”

“Angati?”

A Tupa anayamba kupukuta makina omwe anali oyera kale. “Makumi awiri.”

A Kamphindi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sagula. Kenaka anatulutsa mulu wa makiyi awo, nayamba kuvula mmodzi pa ling'i. Anavutika naye, chifukwa anali atakhalapo zaka zambiri. Atamuvula anamuika patebulo.

“Uwonjezere pa makumi awiriwo,” anatero. “Mwina pali wina sanalandire.”

Anabwerera tsidya lawo, natembenuza tebulo kuti liyang'ane kukhoma la sitolo ya mankhwala. Kuyambira tsiku limenelo a Tupa akakweza maso ankangoona msana wa khoti lotuwa. Zinawapweteka kwambiri, kuposa mawu a mwana wawo aja. Koma anadziuza kuti ndi nsanje chabe. Mphunzitsi anali atanena kale kuti munthu akamakwera, ena a pansi amadandaula, ndipo a Tupa anali atalemba zimenezo m'kope n'kuzidula mzere kunsi.

Zinafika posauzana Lachitatu lina, akazi awo atabwerera kunyumba masana chifukwa cha mutu. Anapeza chitseko chili chotsegula, pabalaza pali anthu khumi ndi awiri akukambirana ntchito ya pagulu. Mphunzitsi wa tayi yofiira ankajambula mizere pachitseko cha firiji. Makapu awo abwino, a alendo aja, anali atandandalikidwa pamwamba pa bokosi la maliro. Wa inshuwaransi, atavala masilipasi a a Tupa, anawalandira ndi nkhope yachifundo.

“Mwachedwa, mayi, koma lowani. Mumachita bizinesi yanji?”

Akazi a a Tupa anaima pakhomo. Anayang'ana firiji, anayang'ana makapu, anayang'ana masilipasi, kenaka anatembenuka n'kutuluka. Madzulo analandira amuna awo monga mwa masiku onse. Anawaikira chakudya, anawafunsa ngati mchere wakwana. A Tupa, omwe anakhala m'banja zaka zambiri koma osaphunzira, anaganiza kuti zonse zili bwino.

Loweruka fani ya kusukulu inafa kotheratu, ndipo kalasi inagwirizana kuti ikaphunzirire kunyumba ija. Palibe amene anafunsa a Tupa, koma iwo anamva ulemu waukulu. Anatsogolera gulu lonse kuchokera pa basi, ali patsogolo ngati mwini ukwati. Atalowa pageti anaona makatoni a sopo ataunjikidwa pakhonde, bokosi la maliro lili pambali pake lopanda nsalu, ndipo pamasitepe pali a Kamphindi akulongedza zida m'chikwama. Pachitseko pankawala loko watsopano.

A Tupa analowetsa kiyi wawo. Anakana.

“Tayesani wanga,” anatero wa inshuwaransi.

Anayesa, anakana. Mayi wa sopo anati mwina wake, popeza sanagwiritsidwe ntchito kwambiri. Posakhalitsa anthu makumi awiri anali atapanga mzere, aliyense ndi kiyi wake m'manja, aliyense akulowetsa, kugwedeza, kuuzira mpweya, n'kupatsa mpata wotsatira. Onse anali kiyi mmodzimodzi, wodulidwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi, koma aliyense ankakhulupirira kuti wake ndi wosiyana. Wina analowa pamzere kawiri. A Kamphindi ankangoyang'ana pansi, akukulunga chingwe cha makina obowolera.

Wotsiriza anali mphunzitsi. Atalephera anatembenukira kalasi, nakonza tayi.

“Mwaona? Msika wasintha. Wochenjera salimbana ndi chitseko chotseka, amafuna china. Ndani ali ndi pabalaza papakulu?”

Wa magalimoto anakweza dzanja, ndipo gulu linayamba kutuluka pageti. Mayi wa sopo anaitana takisi ya makatoni ake. Wa inshuwaransi anabwerera pang'ono, ndipo mtima wa a Tupa unayembekezera kuti mwina akufuna kutsanzika.

“Bambo a nyumba,” anatero, “makiyi atsopano tilandira liti?”

A Tupa anamuyang'ana. Anazindikira kuti munthuyo, yemwe anagona pa sofa yawo miyezi iwiri, sankadziwa ngakhale dzina lawo.

Anatsala wa mabokosi a maliro, yemwe anabwera pagalimoto yake ndipo anali ataibweza mpaka pageti. Anati bokosi silolemera, koma silinyamulika ndi munthu mmodzi, ndiye anapempha madoda awiriwo amuthandize. Iye anagwira kutsogolo, a Tupa ndi a Kamphindi anagwira kumbuyo, wina uku wina uku, mapewa akugundana. Anayenda nalo pang'onopang'ono kudutsa pabwalo. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kugwira pakamwa, ndipo wa mabokosi anamufuulira mwansangala kuti asadandaule, mulibe munthu, koma ngati akufuna khadi alipo.

Galimoto itapita, pabwalo panatsala anthu awiri. M'nyumba munali zii, koma katani ya pazenera inagwedezeka pang'ono.

“Alamu ako ndi amene anakuitana?” anafunsa a Tupa.

“Anabwera Lachitatu. Akulira.”

A Tupa anayang'ana chitseko. “Loko ameneyu amabwera ndi makiyi atatu.”

“Atatu. Onse ali ndi alamu.”

“Sunadule wako?”

“Ndidulirenji?” A Kamphindi anatseka zipi ya chikwama. “Wakale uja ndinakhala naye zaka zonsezi, sindinamulowetsepo pachitseko chako ngakhale tsiku limodzi. Ndinkagogoda. Sunaone?”

A Tupa anali asanaonepo. Anayesa kukumbukira, ndipo zinali zoona: kugogoda katatu, kutsokomola, kenaka kudikira, ngakhale mvula ikugwa, kiyi ali m'thumba. Manyazi amene anawagwira pamenepo anali amtundu wina, osati a makhadi aja.

“Ndikunyamulire chikwama,” anatero.

“Sicholemera.”

A Kamphindi anayamba kuyenda. A Tupa anaima pomwepo, dzanja lili m'thumba, atafumbata mulu wa makiyi awo. Pa mulu umenewo panali kiyi wa nyumba ya a Kamphindi, ndipo ankadziwa kuti ngati mnzawoyo amuitanitsa, basi, zatha. Pageti a Kamphindi anaima, osatembenuka.

“Wanga uja ukadali naye?”

“Ndili naye.” Mawu anatuluka aang'ono.

“Sunadulireko kalasi?”

“Ayi! Ameneyo ayi. Sindikanatero.”

A Kamphindi anayang'ana msewu. A Tupa anadikira kuti mnzawoyo atambasule dzanja kuitanitsa kiyiyo.

“Chabwino,” anatero a Kamphindi. Anasintha chikwama kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere, natseka geti bwinobwino, namapita.

A Tupa anakhala pamasitepe pang'ono. Kenaka anadzuka, anakonza kolala, nagogoda pachitseko cha nyumba yawo. Akazi awo anali chapafupi, ankawamva akupuma kuseri kwake, koma anawasiya agogode nthawi yaitali.